Phunziro 9: Nandolo Wathu mu Mzinda wa Lilongwe

Lilongwe ndi likulu la dziko lathu la Malaŵi. Likulu linachoka ku Zomba kupita ku Lilongwe mu 1975. Kuyambira nthawi imeneyo anthu a mitundu yambiri akhala akufika mumzindawu. Ena ndi ochokera m'maboma a dziko lino, ena ndi ochokera kunja. Munthu akamasamuka sasiya kadyedwe ka kwawo. N'chifukwa chake ku Lilongwe kuli zakudya zamitundumitundu.

Lero tiwerenga za mayi wina wa kuno ku Mulanje amene anapita kukaona zimenezi. Werengani mosathamanga. Kumapeto kuli mafunso.

Vuto la pakhomo

Mayiwa amakhala m'dera la Mfumu Yaikulu Mabuka. Munda wawo ndi waung'ono, monga ilili minda yambiri kuno. Amadzalamo chimanga, nandolo ndi chinangwa pamodzi. Pakhomo akulera mdzukulu wamkazi wa zaka zitatu.

Chaka chilichonse akakolola, ankagulitsa nandolo yense kwa mavenda. Pakhomo pankatsala ufa basi. M'mawa mwana ankamwa phala la ufa woyera. Masana nsima ya nkhwani, madzulo nsima ya nkhwani womwewo. Atapita naye ku sikelo, alangizi a zaumoyo anati, "Mayi, mwanayu sakukwera sikelo. Kodi mumamudyetsa chiyani?" Iwo anayankha kuti, "Amadya ndithu, mpaka kukhuta." Koma mumtima anadandaula kwambiri.

Mwana wawo wamwamuna amagwira ntchito ku Lilongwe. Iye ndi wophika m'nyumba yodyera ya Amwenye. Atamva nkhaniyi anawatumizira ndalama yokwerera basi, nati abwere adzacheze. Mayiwa anatenga kathumba ka nandolo ndi makaka pang'ono. Anakulunga bwinobwino m'chitenje, poopa kuti anthu a m'tauni awaseka.

Ku msika

Basi inadzera ku Limbe, Zalewa, Ntcheu ndi Dedza. Anafika ku Lilongwe dzuwa litapendeka. M'mawa mwake mwana wawo anapita nawo ku msika waukulu, pafupi ndi mtsinje wa Lilongwe.

Kumeneko anaona ngati dziko lonse lasonkhana malo amodzi. Panali mpunga wa kilombero wa ku Karonga. Panali usipa ndi chambo za ku nyanja. Panali ufa wa kondowole, umene anthu a ku Nkhata Bay amaukonda kwambiri. Kachewere anali wa ku Dedza ndi ku Ntcheu, mtedza unali wa ku Mchinji ndi ku Kasungu. Kunja kwa msika anyamata anali kukazinga tchipisi pa chiwaya, ena akuotcha kanyenya. Mayiwa ataona zinanazi anaseka, nati, "Ha! Izi ndiye zakwathu izi!"

Zakudya za alendo

Akuyenda mumzinda, mwana wawo ankawaonetsa nyumba zodyera zosiyanasiyana.

"Umu ndi mwa Matchaina, amayi. Amakazinga mpunga pamodzi ndi mazira ndi masamba. Podya amatola chakudya ndi timitengo tiwiri." Anthu a ku China anachuluka kuno pamene boma lathu linayamba ubale ndi dziko lawo kumapeto kwa 2007.

"Umu amaphika pitsa. Ndi chakudya cha ku Italy. Ndi buledi wopyapyala, pamwamba amaikapo tomato, anyezi ndi tchizi, n'kuwotcha mu uvuni."

"Nanga anthu a ku Ethiopia amadya nsima?" anafunsa mayi aja.

"Ayi, iwo ali ndi injera. Ili ngati chitumbuwa chachikulu chopyapyala, chowawasa pang'ono. Ufa wake ndi wa kambewu kakang'ono kuposa mawere. Amanyema ndi manja n'kutapira ndiwo, ngati ife tomwe."

Anawauzanso za Dzaleka, m'boma la Dowa, kumene kwakhala anthu othawa nkhondo kuyambira mu 1994. Anthu amenewa ndi ochokera ku Congo, Burundi, Rwanda ndi mayiko ena. Chapati cha ku Dzaleka chimatchuka mpaka mumzinda. Pomaliza anaona malo owotcha nkhuku ya tsabola wa piripiri. Imeneyi mayiwa sanaidabwe, pakuti ndi kaphikidwe ka anzathu a ku Mozambique, kutsidya kwa Muloza.

Mbale ya dalo

Masana analowa kumene mwana wawo amagwira ntchito. Iye anabweretsa mpunga, chapati ndi kambale ka ndiwo zachikasu zonunkhira bwino. Mayiwa analawa, nalawanso. Kenaka anakweza mutu.

"Mwananga, usandinamize. Ichi si chipere ichi?"

Mnyamatayo anaseka. "Mwalasa, amayi. Amwenye amati dalo. Ndi nandolo yemweyo, wochotsa makoko. Ndangoonjezera adyo, anyezi, tomato, tsabola ndi ufa wachikasu wokometsera ndiwo."

"Ndiye anthu onsewa, ovala bwino chonchi, akulipira ndalama kuti adye chipere?"

"Eya. Tsiku lililonse ndimaphika mphika waukulu, ndipo umatha."

Mayiwa anaphunzira kuwerenga ku sukulu ya kwacha. Anatenga pepala la mitengo ya zakudya nawerenga okha. Anapeza kuti kambale kamodzi ka dalo n'kodula kuposa mbale yodzadza ya nandolo imene iwo amagulitsa kwa mavenda. Anakhala chete kanthawi.

"Ine ndimachita manyazi ndi nandolo wanga," anatero. "Ndinamubisa m'chitenje."

"Amayi, musatero. Ku India anthu miyandamiyanda amadya dalo tsiku ndi tsiku, ndipo ambiri mwa iwo sadya nyama konse. Nandolo amamanga thupi. Mdzukulu wanu akusowa chakudya chimene inu mukugulitsa chonse."

Kodi nandolo wathu amapita kuti?

Nandolo wambiri wa ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu amatumizidwa ku India. Mu 2017 boma la India linachepetsa nandolo wolowa m'dziko lawo. Mtengo unagwa kwambiri kuno, ndipo alimi ambiri analira. Mu 2021 maboma awiriwa anagwirizana kuti matani 50,000 a nandolo wa ku Malaŵi azilowa ku India pachaka kwa zaka zisanu. Apa tikuona kuti mtengo umakwera ndi kutsika pa zifukwa za kutali. Koma nandolo amene mwasunga m'nyumba sagwa mtengo. Ntchito yake m'thupi la mwana ndi yomweyo chaka chilichonse.

Zakudya zimayenda ngati anthu

Tisadabwe kuti chipere chathu chili ndi mbale wake ku India. Nandolo anachokera komweko kalekale. Chimanga chinachokera ku Mexico. Makolo athu akale ankadya nsima ya mapira ndi mawere chimanga chisanafike. Chinangwa, mtedza, tomato ndi zinanazi zinachokera ku South America. Tiyi kwawo ndi ku China, ndipo kuno ku Mulanje anayamba kumulima mu 1891. Lero zonsezi timati ndi zathu. Choncho palibe chifukwa chonyozera chakudya cha mtundu wina, ndipo palibe chifukwa chochitira manyazi ndi chathu. Usiku womwewo mnyamata uja anadya makaka ndi nandolo wa amayi ake, nadandaula kuti sanamutengere kalongonda.

Magulu 6 a zakudya

Sitingathe tonse kupita ku Lilongwe kukadya zamitundumitundu. Koma kasinthasintha wa zakudya ali m'minda yathu momwe. A zaumoyo amatiphunzitsa magulu 6 awa:

1. Zokhutitsa: nsima, mpunga, chinangwa, mbatata.
2. Zanyemba: nandolo, nyemba, khobwe, nzama, mtedza.
3. Zanyama: matemba, usipa, mazira, nkhuku, ngumbi, mkaka.
4. Zamasamba: nkhwani, bonongwe, chisoso, chigwada, kholowa.
5. Zipatso: nthochi, mango, papaya, zinanazi, magwafa.
6. Zamafuta: mafuta ophikira, mapeyala.

Mwana akhoza kukhuta nsima koma thupi lake osakula. Yesetsani kuti tsiku lililonse alawe kanthu kochokera m'gulu lililonse, ngakhale pang'ono.

Kaphikidwe ka chipere cha mwana

Sambani m'manja ndi sopo. Sankhani nandolo wouma wosafumbwa. Mukazingeni pang'ono, ndipo mumupere pamphero kuti asweke. Petani makoko onse. Phikani m'madzi mpaka afewe, n'kutakasa ndi mthiko kuti asalale. Thiranimo tomato, anyezi, mchere pang'ono ndi supuni imodzi ya mafuta kapena nsinjiro. Tsabola musaike, ameneyo ndi wa akulu. Mwana adye m'mbale yakeyake, kuti muone ngati wamaliza.

Kubwerera kumudzi

Mayiwa atabwerera kwawo anasintha zinthu ziwiri. Pokolola anayamba apatula nandolo wa pakhomo, namusunga m'thumba lomanga bwino kuti asafumbwe. Wotsalayo ndiye anagulitsa. Chachiwiri, anasiya phala la ufa woyera. Anayamba kuphika la mgaiwa lothira nsinjiro, masana chipere ndi masamba, ndi nthochi kapena peyala pambali. Patapita miyezi ingapo mzere wa pa khadi la sikelo unayamba kukwera. Mavenda atabwera kudzafunsa thumba lija, iwo anati, "Pepani, ameneyu ndi wa mdzukulu wanga."

Mawu oti tiphunzire

likulu, dalo, injera, chapati, pitsa, kasinthasintha

Mafunso

1. Kodi likulu linasamukira ku Lilongwe chaka chanji?
2. Tchulani zakudya zitatu za alendo zimene mayiwa anaona.
3. Kodi dalo amapangidwa kuchokera ku chiyani? Kwathu kuno timati chiyani?
4. N'chifukwa chiyani mtengo wa nandolo unagwa mu 2017?
5. N'chifukwa chiyani mdzukulu uja sankakwera sikelo chonsecho ankakhuta?

Zoti muchite

Lembani m'kope mwanu zonse zimene banja lanu linadya dzulo. Pambali pa chakudya chilichonse lembani gulu lake. Kodi ndi gulu liti limene lasowa? Kambiranani ndi anzanu za mmene mungalipezere m'mudzi mwanu momwemo.