"SHRIVE": MAU AKALE A CINGELEZI ONENA ZA KUULULA MACIMO

Pa makalendala ambiri osindikizidwa m'Cingelezi, tsiku Laciwiri lotsogolera Lacitatu la Phulusa lilembedwa "Shrove Tuesday". Tsikuli ligwa kutatsala masiku 47 kuti Paskha ifike, cotero siliyamba kufika pa 3 Febuluwale pasanakwane, ndipo silipitirira pa 9 Malichi. Aphunzitsi ndi ana a sukulu amene aona dzinali amafunsa tanthauzo lace, ndipo ngakhale Angelezi eni ace ambiri sayankha msanga, pakuti mau akuti "shrive", amene dzinalo licokerako, anakalamba kale, nasiyidwa m'mabuku monga khasu lakutha lisiyidwa kuseri kwa nkhokwe. Koma mbiri yace iri ndi phunziro kwa mpingo uli wonse umene uli ndi buku la cilango.

Mau awa anali kunena nchito ya wansembe pamene munthu wadza kwa iye ndi cimene cikumbvuta mumtima. M'nchitomo munali zinthu zitatu: kumva kuulula kwa munthuyo, kumuikira cocita cosonyeza kulapa kwace, ndi kumlalikira cikhululukiro ca Mulungu. Cinyanja cifuna mau atatu kuti cinene zimenezi, koma Angelezi akale anazimanga zonse m'mtolo umodzi. Wansembe akatha nchitoyo ankati "shrove", munthu womasulidwayo ankachedwa "shriven", ndipo kuululako ankakucha "shrift". Tsono "Shrove Tuesday" ndilo Laciwiri la kuulula.

Codabwitsa ndi ici, kuti muzu wa mauwa sunena za chimo, kapena za kulapa, kapena za kukhululuka. Muzu wace ndi mau a Cilatini akuti "scribere", ndiko kunena kulemba. Mitundu ya kumpoto kwa Ulaya inaona kulemba kwa inki ndi colembera kwa Aroma, ndipo inabwereka cinthuco pamodzi ndi dzina lace. Kufikira lero Mjeremani pofuna kunena kulemba ati "schreiben", Mdachi ati "schrijven", ndipo m'cinenero ca amishoni aja ocokera ku Orange Free State, amene anamanga Magwero pafupi ndi Chipata m'caka ca 1899, mau ace ndi "skryf". Onsewa ndi ana a mai mmodzi. M'Cingelezi momwemo, "scribe", ndiye mlembi, ndi "Scripture", ndiwo Malembo Oyera, acokera pa tsinde lomwelo. Koma Angelezi anali nawo kale mau ao a kulemba, akuti "writan", amene poyamba anatanthauza kuzokota zizindikiro pa mtengo kapena pa mwala. Mau obwerekawo, amene iwo ankalemba "scrifan", anapatuka natenga njira yina.

Kupatuka kotere sikuli kwacilendo kwa munthu wolankhula Cinyanja. Mnyamata akabwera kumudzi nanena kuti amlemba ku migodi, palibe amene aganiza kuti wina wamjambula pa pepala. Onse adziwa kuti walowa nchito, kuti dzina lace lakhazikika m'buku la azungu, ndi kuti sangacoke monga afuna. Cimene calembedwa catsimikizika. Momwemonso kwa Aroma, woweruza akalemba, ndiye kuti walamula. "Scrifan" inayamba kutanthauza kulamula, kugawira munthu gawo lace, kugamula mlandu. Ndipo pamene Cikristu cinakhazikika m'dziko la England, kuyambira kufika kwa Augustine ku Kent m'caka ca 597 ndi kwa Aidan ku Lindisfarne m'caka ca 635, mauwo analowa m'chalichi nakhala dzina la cigamulo ca wansembe pa munthu wocimwa.

Panali cifukwa cinanso. M'zaka zoyamba za Eklesia munthu wogwa m'chimo lalikulu ankalapa poyera pamaso pa mpingo wonse, ndipo mwai umenewo unali wa kamodzi kokha pa moyo wace. Ambiri, poopa manyazi ndi kuopa kugwanso, ankacedwetsa kulapa kufikira ali pa mphasa ya imfa. Amonke a ku Ireland ndiwo anafalitsa njira yina, yakuti munthu aulule m'tseri kwa wansembe mmodzi, ndipo abwerenso nthawi iri yonse akagwa. Pofuna kuti ansembe a kumidzi, amene ambiri anali osaphunzira kwambiri, asagamule mwa mutu wao, kunalembedwa timabuku tosonyeza chimo liri lonse ndi muyeso wa kulapa kwace. Angelezi ankacha buku lotere "scriftboc". Lomveka koposa ndi lija lochedwa ndi dzina la Theodore, Mgriki wa ku Tariso, mudzi wa Paulo mtumwi, amene anali Bishopu wamkuru wa Canterbury kuyambira 668 kufikira 690. M'menemo munthu wamba woledzera kufikira kusanza aikidwa masiku 15 a kulapa, mmonke masiku 30, wansembe kapena dikoni masiku 40. Wopha munthu pa nkhondo aikidwa masiku 40, koma wopha mnzace dala aikidwa zaka.

Munthu asafulumire kuseka mabuku amenewa. Amene anawalemba ankayesa wansembe ngati sing'anga wa mzimu, wofunsa kumene nthenda inayambira asanapereke mankhwala, monga dokotala pa cipatala afunsa kaye, ndipo pamenepo alemba pa citupa. Anadziwanso kuti mtsogoleri akagwa, kugwa kwace nkwakukuru koposa kwa munthu wamba, ndipo anamlemeretsa katundu m'malo mwa kumpeputsira. Mipingo yambiri lero icita mosiyana: mai wamasiye wophika mowa kuti apeze ndalama za sukulu aitanidwa msanga ku bwalo la akulu, koma mkuru wa mpingo wogula mowa womwewo usiku sachulidwa.

Komabe m'mabukumo munali mbeu yoipa. Pamene chimo liri lonse liri ndi mtengo wace wolembedwa, mtima wa munthu uyamba kuyesa Mulungu ngati mwini sitoro. Ndipo kumene kuli mtengo, wolemera apeza njira. Msonkhano wa mabishopu wa ku Clovesho m'caka ca 747 unadzudzula kale anthu acuma amene ankayesa kuombola macimo ao ndi mphatso, ndi kulemba ena kuti asale cakudya m'malo mwao. Koma khalidwelo silinathe. M'buku lina la Cingelezi cakale muli malangizo osonyeza m'mene mfumu yamphamvu ingatsirizire kusala kwa zaka 7 m'masiku atatu okha: isonkhanitse anthu 12 ndi enanso 840, ndipo yense asale masiku atatu. Masamu ace akwana bwino lomwe. Wosauka, wopanda omthandiza, anayenera kusenza zaka zace zonse yekha. Uku ndiko kusandutsa kulapa kukhala dima, kumene mwini munda aphika mowa, ena namlimira.

M'caka ca 1215 msonkhano waukuru wa ku Lateran, mu Roma, pansi pa Papa Innocent III, unalamula kuti Mkristu ali yense wofika pa msinkhu wozindikira aulule macimo ace kwa wansembe wace kamodzi pa caka, ndi kulandira Mgonero pa Paskha. Msonkhano womwewo unaika lamulo lowawa pa wansembe woulula cinsinsi ca munthu: acotsedwe pa udindo, natsekeredwe m'nyumba ya amonke moyo wace wonse. Ku England mwambo wa kuulula Lenti isanayambe unalipo kale zaka mazana awiri lamulolo lisanaikidwe. M'mawa wa Laciwiri lija belu la chalichi linkalira kuitana anthu, ndipo pobwerera kunyumba amai ankasonkhanitsa mazira, mkaka ndi mafuta zimene sizinaloledwe m'masiku 40 a kusala, nakazinga zitumbuwa zopyapyala za ufa wa tirigu. Kuulula kunazirala, zitumbuwa zinatsala; lero Angelezi ambiri adziwa tsikuli ndi dzina la zitumbuwazo, ndipo m'midzi yina kumene belu lija likalirabe alicha belu la zitumbuwa. Kuno kwao kwa Acewa, Ansenga ndi Angoni tsikuli lipeza nkhokwe ziri pansi, cimanga cisanace, ndipo mabanja ambiri akhala atayamba kale kusala kumene sanasankhe.

Pa nthawi ya Kukonzanso kwa Eklesia, kuyambira 1517, Martin Luther ndi anzace anakana kuti munthu angalipire Mulungu ndi nchito zace, nakananso kuti kuwerengera wansembe macimo onse kukhale lamulo. Koma kuulula kwa m'tseri sanakutaya. Luther anakusunga m'Katekisma wace Wamng'ono, ndipo John Calvin analangiza kuti munthu amene cikumbumtima cace sicipeza mtendere apite kwa mbusa wace mwaufulu, namuuze. Buku la Mapemphero la Angelezi la 1549 linapempha kuti ouulula kwa wansembe asanyoze ouulula kwa Mulungu yekha, ndi kuti awanso asanyoze anzao aja. Langizo limeneli likadayenera kumvekanso m'midzi imene Mkatolika, Mkristu wa ku Msoro ndi Mkristu wa ku Madzimoyo atunga madzi pa citsime cimodzi.

Tsono mau akalewa afunsa funso kwa Mkristu amene dzina lace lalembedwa m'buku la cilango. Alipo ambiri amene aopa bukulo koposa chimo. Awerenga miyezi monga wandende awerenga masiku, nakhala m'kalasi ya obwerera ndi mtima womwewo umene anagwa nawo, kuyembekeza kuti mlembi afafanize dzina lao kuti akhalenso pa gome la Ambuye. Munthu wotere walipira mlandu monga pa bwalo la mfumu, kumene mbuzi ikaperekedwa nkhani yatha, ngakhale wopereka ndi wolandira akwiyirana mumtima. Davide m'Masalmo 32 sanena za mbuzi kapena za miyezi. Anena za mafupa ace amene anafota pamene anakhala cete, ndi za mpumulo umene anapeza atabvomereza kulakwa kwace. Zakeyu anabwezera amene anawanyenga kanai, koma Yesu anali atalowa kale m'nyumba mwace. Kubwezako kunali cipatso, sikunali mtengo wogulira. Ndipo Paulo, polembera Akolose pa mutu 2, achula colembedwa cina, kalata wa mangawa wotsutsana ndi anthu, amene Kristu anamfafaniza namkhomera pa mtanda. Buku la mpingo liri ndi nchito yace, ya kusunga dongosolo ndi kucenjeza ofooka, koma inki ya mlembi wa mpingo siingathe kulemba kapena kufafaniza cimene ciri m'kalata ameneyo.

Mau awa afunsanso akulu ndi abusa, ndipo pano mbiri yace ifika poipa. Mwa mau onse a banja limeneli, amene Mngelezi wa lero akali kunena kawiri-kawiri ndi akuti "short shrift", kuulula kwakufupi. Poyamba anali kunena kamphindi kamene munthu woweruzidwa kuti aphedwe ankapatsidwa kuti aonane ndi wansembe. Pa 13 Juni 1483 Lord Hastings anagwidwa pa msonkhano mu Tower of London mwa lamulo la Richard wa ku Gloucester, amene posacedwa anakhala Mfumu Richard III. Thomas More asimba kuti Richard analumbira kuti sadzadya kufikira ataona mutu wa Hastings utadulidwa, cotero munthuyo anatenga wansembe amene anali pafupi, naulula mothamanga, namdula pa cipika. Shakespeare anaika nkhaniyi m'sewero lace, ndipo mauwo anafala. Lero Mngelezi akati wapatsa munthu "short shrift", ndiye kuti wamcotsa msanga osamvetsera dandaulo lace. Mau amene anayamba ndi kumvetsera atsirizira pa kusamvetsera.

Zotere zicitika pa khonde la mbusa ndi pansi pa mtengo wa mkuru wa mpingo. Mtsikana wadza madzulo, wakhala pansi patali, wayamba ndi nkhani ya mvula ndi ya matenda a agogo ace, pakuti palibe munthu ayamba ndi cimene cikumuwawa. Mkuru wofulumira aona kale kumene nkhani ikupita, namdula pakamwa, nachula miyezi ya cilango, nadzuka kukaona ng'ombe zace. Kapena amva zonse, nauza mkazi wace usiku, ndipo pofika Laciweru akazi a pa mtondo adziwa. Mtsikana uja sadzabweranso, ndipo anzace khumi amene anali kuyang'ana m'mene adzalandiridwira adzasunga zao mumtima kufikira mimba kapena maliro ziwaulule. Yakobo pa mutu 5 alamula Akristu kuululirana macimo, koma m'mpweya womwewo awalamula kupemphererana, kuti aciritsidwe. Ansembe a m'caka ca 1215 anaopsezedwa ndi ndende ya moyo wonse cifukwa ca lilime lotayirira; akulu a mipingo ya kumidzi alibe lamulo lotero pa iwo, ndipo m'mabwalo ambiri a mpingo nkhani ya woulula cinsinsi ca wolapa siinazengedwepo ndi kamodzi komwe.