Kuwerenga Phiri Napolo Asanatsike

Mu Marichi 2023, mvula ya namondwe wa Freddy inagwa masiku angapo osaleka m'chigawo cha kummwera. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, mumzinda wa Blantyre, ndipo m'dziko lonse munafa anthu oposa 600. Zotere zinachitikanso ku Phalombe mu 1991, phiri la Michesi litagumuka, komanso ku Zomba mu 1946. Makolo athu ankati wadutsa napolo.

Ife a ku Salima tinazolowera kuopa madzi osefukira okha, poti dera lathu ndi lachigwa. Komatu tili ndi mapiri a Senga, ndipo mtsinje wa Linthipe umachokera kumtunda, cha ku Dedza. Nthaka ikagumuka kumeneko, matope amatsata mtsinje mpaka kutipeza.

Kodi phiri limagumuka bwanji? Mvula ikalowerera pansi, dothi limalemera n'kusiya kugwirana ndi thanthwe lomwe lakhalapo, kenako limatsetsereka. Choncho akatswiri, monga a nthambi ya Geological Survey ku Zomba, akamayeza chiopsezo cha malo amafunsa mafunso anayi:

1. Kodi malowa ndi otsetsereka motani?
2. Kodi dothi ndi lotani? Dothi lomasuka lokhala pamwamba pa thanthwe siligwira.
3. Kodi mitengo ilipo? Mizu imamanga nthaka. Kuotcha makala, kulima m'phiri ndi kusema phiri pofuna malo a nyumba kumaifooketsa.
4. Kodi panagumukapo kale? Apa agogo athu ndiwo mboni, chifukwa pomwe napolo anadutsa angathe kudutsanso.

Phiri limachenjezanso lokha. Timaona ming'alu pansi kapena m'makoma, mitengo yopendekeka, ndi kasupe wotumphuka pamalo omwe kale anali ouma. Mtsinje ukaphwa mwadzidzidzi mvula ikugwabe, mwina matope autseka kumtunda, ndipo akaphulika sapereka mpata. Tikaona zimenezi tichoke msanga, tisatsate khwawa koma tilowere chakumbali, n'kudziwitsa amfumu ndi komiti yoona za ngozi m'mudzi.

Ife amene tikuphunzira uphunzitsi tingayambe ndi pepala ndi pensulo. Mvula isanayambe, tiyende ndi ana asukulu, tijambule mapu a mudzi, tilembepo makwawa, malo otsetsereka ndi kothawira. Mapuwo tikawapachike kusukulu ndi kutchalitchi, kuti aliyense adziwe njira yake usiku wa mvula usanafike.