Malangizo kwa Opita ku Blantyre

Omvera athu, amene mukunyamuka ku Lilongwe mawa, tcherani khutu. Minibasi ikaoneka yodzadza pa depoti musaithamangire: ena mwa okhalamowo ndi oitanira, amatsika mmodzimmodzi inu mukangokhazikika, ndiye mumaswera pomwepo. Funsani mtengo musanakwere, ndipo muone pamene kondakitala waika katundu wanu. Funsaninso ngati ikafikedi ku Wenela, poti ena amakakusiyani pa Zalewa n'kukukwezani ina kutada kale. Ine ndimati bola basi yaikulu yonyamuka pa nthawi yake, ngakhale imadulirako. Ndege yokatera ku Chileka sitenga ngakhale ola limodzi, koma imeneyo ndi ya amatumba olemera. Oyenda pamsewu, konzeranitu ndalama zing'onozing'ono za pa Lizulu: kachewere ndi tomato mumagulira pawindo, ndipo dalaivala sadikira chenje chanu.