Mafunso ndi Mayankho: Choyendetsa Gate ya MOSFET Chikhale Chogula Kapena Chomanga Tokha?

 Chiyambire mu Januwale 2022, pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira natichotsera mphamvu yokwana pafupifupi 130 MW, kotero kuti mdima unakhala mlendo wa tsiku ndi tsiku m'nyumba zathu, anthu ambiri a kunyanja kuno, kuyambira ku Monkey Bay, kutsata msewu wodzera pa Nkope ndi pa Makawa, kufikira pa boma la Mangochi, anagula sola, mabatire ndi ma inverter. Ndipo monga zinthuzo zinachuluka, momwemonso anachuluka amisiri ozikonza. Makalata a madzulo ano akukhudza ntchito yawo. Ndikuwathokoza olembawo, pakuti akulu anati safunsa anadya phula.

Yoyamba yachokera kwa mnyamata wokonza zamagetsi pa Nkope. Akuti: "Anandibweretsera inverter ya 12 V imene ma MOSFET ake a IRF3205 anapsa. Ndinaikamo atsopano, ndipo pofuna kuti ikhale yamphamvu ndinawonjezera kuti akhale anayi mbali iliyonse, koma tsopano ikutentha kuposa kale. Anzanga ena akuti ndigule gate driver ya ma amp ambiri, ena akuti ma transistor awiri akwanira. Ndimvere uti?"

Mwana wanga, funso lako ndi la mmisiri weniweni, ndipo ndiliyankha modekha. Mwa miyendo itatu ya MOSFET, gate, source ndi drain, umene umalamulira ndi gate. Ndipo ngakhale ambiri anaphunzitsidwa kuti gate siikoka magetsi, mawuwo ndi oona pokhapokha MOSFET itatseguka kapena kutsekeka kale, popeza mkati mwake gate ili ngati capacitor imene iyenera kudzazidwa nthawi iliyonse yotsegula ndi kukhuthulidwa nthawi iliyonse yotseka. Unaonapo asodzi akukankha boti kulichotsa pamchenga: pa kamphindi kameneko pafunika amuna ambiri a nyonga, koma likangoyandama, ngakhale mwana aligwira ndi chingwe. Gate nayo ifuna nyonga yaikulu pa kamphindi kochepa.

Tiyeni tiwerengere pamodzi. Pepala la opanga IRF3205 limanena kuti gate yake ingafune mpaka 146 nC; anayi pamodzi ndi pafupifupi 600 nC. Ukafuna kuti atseguke mu 200 ns, ugawe 600 ndi 200, upeza ma amp 3. Tsono SG3525, imene imayendetsa ma gate mu ma inverter ambiri otere, siipitirira theka la amp; ikapereka 0.4 A, kudzaza ma gate anayiwo kutenga ma microsecond 1.5, ndipo kukhuthula kutenganso chimodzimodzi. Ikanakhala inverter yachikale ija ya thiransifoma yolemera, yoyenda pa 50 Hz, kumene ulendo umodzi utenga ma millisecond 20, kuchedwa kumeneku sikukanaoneka konse. Koma ngati yakoyo ndi yopepuka, ya kathiransifoma kakang'ono koyenda pa 40 kHz, ulendo uliwonse ndi ma microsecond 25 okha, ndipo atatu mwa iwo akuthera pa kutsegula ndi kutseka, m'mene muli nthawi imene MOSFET ili yotseguka theka, magetsi akudutsa mopanikizika nasanduka moto. Powonjezera ma MOSFET unaonjezera katundu pa msana wa SG3525, ndipo kutenthako kwachokera pamenepo.

Nanga ugule chiti? Pa mbali imeneyi ya batire, pamene source yalumikizidwa ku negative, ine sindichita manyazi kukulangiza ma transistor awiri, wa NPN pamwamba ndi wa PNP pansi, ma base awo pamodzi ndi ma emitter awo pamodzi, monga BD139 ndi BD140 amene amapirira 1.5 A. Ndi otsika mtengo, amapezeka ngakhale mu ma amplifier akufa amene adzaza pansi pa tebulo lako, ndipo akapsa suyenera kudikira katundu wochokera ku Limbe kapena ku Lilongwe. Chilema chawo nchakuti amataya pafupifupi 0.7 V kumwamba ndi kunsi komwe, chotero uyese ndi mita kuti gate ikufikabe pa 10 V pamene batire yatsika. Ukapeza gate driver ya TC4420 yeniyeni, ya miyendo isanu ndi itatu, imene imapereka mpaka 6 A pa kamphindi kaja, itenge ndi manja awiri, koma usaipatse magetsi opitirira 18 V. Ndipo njira iliyonse ukasankhe, MOSFET iliyonse ikhale ndi resistor yakeyake ya 10 ohm pa gate, ina ya 10k pakati pa gate ndi source, capacitor ya 100 nF iwotchereredwe pafupi penipeni ndi driver, ndipo mawaya akhale aafupi. Pakuti driver ya ma amp 6 yolumikizidwa ndi waya wautali woyenda mokhotakhota imatha kugonja kwa ma transistor awiri oikidwa mwaluso.

Kalata yachiwiri ndi ya bambo wina wa ku Makawa, amene akumanga inverter yawoyawo. Akufunsa ngati angagwiritse ma transistor omwewo pa ma MOSFET anayi a mbali yotulutsa 230 V, kuti apulumutse ndalama ya IR2110.

Bambo wanga, apa pokha ndikupemphani mwaulemu kuti musatero. Kuti 230 V ituluke, mbali imeneyo imasunga magetsi oposa 325 V, ndipo ma MOSFET awiri apamwamba ali ndi source imene siikhazikika, koma imakwera kuchoka pa 0 kufika pa mlingo wonsewo ndi kutsikanso kambirimbiri pa sekondi imodzi. Gate ya iliyonse iyenera kukhala 10 V pamwamba pa source yoyendayendayo, kulikonse kumene ili. IR2110 inapangidwira ntchito imeneyi: imapirira 500 V, imapereka 2 A, imanyamula lamulo kuchoka pansi kufikitsa pamwamba, ndipo magetsi ake oyendetsera akachepa imatseka ma gate m'malo mowasiya otseguka theka. Nzotheka kumanga zonsezi ndi tizipangizo tapatokha, koma popanda oscilloscope mudzakhala mukuyenda mumdima, ndipo tsiku limene MOSFET yapamwamba ndi yapansi zidzatseguke pamodzi, ngakhale kwa microsecond imodzi, ndalama imene munapulumutsa idzapsa kambiri. Mukaika IR2110, diode ya bootstrap, imene imadzaza capacitor yopatsa magetsi gate yapamwamba, ikhale yachangu monga UF4007, osati 1N4007 yawamba. Mpata wa pakati pa kutseka kwa ina ndi kutsegula kwa inzake suchokera mu IR2110. Umachokera kwa choilamulira, monga EG8010 ya pa kabolodi ka EGS002. Ndipo ichi ndikunena ndi mtima wonse: ma capacitor aakulu a mbali imeneyi amasunga magetsi akupha ngakhale mutachotsa batire. Muyambe mwawakhuthula kudzera mu resistor, muyese ndi mita, kenaka mukhudze.

Yachitatu ndi ya mayi amene amatchajitsa mafoni ndi mabatire a asodzi a usipa ku Monkey Bay. Akudandaula kuti inverter yawo yapita kwa mmisiri kangapo, ndipo nthawi zonse imapsanso pasanathe sabata.

Mayi, pepani ndithu, pakuti ndikudziwa kuti chipangizo chimenecho ndicho chimadyetsa ana anu. Mukauze mmisiri wanu mawu awa. MOSFET ikamapsa, kawirikawiri drain imalumikizana ndi gate, ndipo magetsi aakulu amabwerera m'mbuyo kukavulaza resistor ndi driver; wosintha ma MOSFET okha, osayesa zimene zili kumbuyo kwake, amaika atsopano m'manja mwa chinthu chovulala chimene chidzawaphanso. Asinthe driver ndi ma resistor pamodzi, asinthe ma MOSFET onse a mbali imodzi ndi a mtundu umodzi, ndipo poyatsa koyamba aike babu la galimoto pakati pa batire ndi inverter, kuti cholakwa chikakhalapo babulo liwale m'malo moti zipangizo zipse. Achenjerenso ndi zachinyengo, chifukwa pamsika pali ma MOSFET ndi ma IR2110 olembedwa mokongola kunja, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Agule kwa wogulitsa amene katundu wake anamuyesa kale. Kwa inu eni, inverter muiike pamalo popita mphepo, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala ndi Novembala, ndipo muzichotsa fumbi ndi nkhungu za m'nyanja zimene zimatseka fani yake. Firiji musailumikizeko ngati inverter ndi yaing'ono, popeza firiji poyamba kuyenda imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa olembedwa pa iyo.

Nthawi yatithera. Kalata ya bambo a ku Namiasi, yofunsa za kulumikiza batire yakale ndi yatsopano, tidzayamba nayo sabata yamawa.