Motoka Yobwelela ku Dzulo

Abale, okonda mafilimu a sayansi yongopeka ali na mafunso oseketsa. Lina n'lakuti: mutabwelela kumbuyo n'kulepheletsa makolo anu kukumana, ndiye kuti simunabadwe. Nanga wabwelelayo ndani? Mu filimu ya Back to the Future, Marty McFly anacoka mu 1985 kupita mu 1955 pa motoka ya DeLorean, ndipo anatsala pang'ono kudzifafaniza yekha.

Timaseka, koma usiku ambili timakwela motoka imeneyi na mau akuti "nikanadziwa". Welengani Afilipi 3:13-14. Paulo anazunzapo mpingo, koma sanamange msasa pa dzulo lake.

Manje imwe, munthu amene munamulakwila akali moyo? Musayembekeze DeLorean. Mutumileni foni sabata ino, mupepese. Ameni!