Vairasi, Mdani Wosaoneka

M'chaka cha 1892, katswiri wina wa ku Russia, dzina lake Dmitri Ivanovsky, anali kufufuza nthenda imene inali kulemba mawanga pa masamba a fodya. Iye anafinya madzi a masamba odwalawo nawasefa ndi sefa ya timabowo tating'onoting'ono, toti ngakhale mabakiteriya sangapyolemo. Koma atapaka madzi osefedwawo pa fodya wabwinobwino, fodyayo anadwalanso. Apa mpamene akatswiri anayamba kuzindikira kuti pali kachirombo kena kochepetsetsa koyambitsa matenda. Kachirombo kameneka timakatcha vairasi.

Vairasi ndi wochepa zedi. Titati tindandalike mavairasi a chimfine okwana 10,000, mzere wake ungatalike milimita imodzi yokha. Thupi lake lili ndi mbali ziwiri zofunika: chikhokhombe chakunja, ndiponso kachingwe ka m'kati kamene kamasunga malangizo a kapangidwe ka mavairasi ena.

Matupi athu, ngakhalenso a nyama ndi zomera, anamangidwa ndi tizipinda tamoyo totchedwa maselo, monga momwe nyumba imamangidwira ndi njerwa. Selo limadya, limakula ndipo limagawikana palokha. Vairasi sangathe kuchita zimenezi. Monga kaufiti sangakule popanda kuyamwa mizu ya chimanga, vairasinso sangaswane popanda kulowa m'selo lamoyo.

Nanga amalowamo bwanji? Poyamba vairasi amakakamira pa khungu la selo. Timinga ta pa chikhokhombe chake timagwirizana ndi selolo monga kiyi agwirizana ndi loko wake. Ichi ndicho chifukwa chake vairasi wa fodya sadwalitsa mlimi. Akalowa, vairasi amavula chikhokhombe nasiya kachingwe ka malangizo kaja poyera. Selo limanyengedwa: limagwiritsa ntchito chakudya ndi mphamvu zake popanga mavairasi atsopano ambirimbiri. Potsiriza mavairasiwo amatuluka nakagwira maselo oyandikana nawo, ndipo kawirikawiri selo loyamba lija limafa.

Chikuku, chimfine, poliyo, Edzi ndi chitopa cha nkhuku ndi matenda oyamba ndi mavairasi. Wodwala chikuku akatsokomola, mavairasi amauluka mu mpweya, ndipo mwana wina amawapuma. Pamapita masiku 10 kapena kuposerapo mwanayo asanatenthe thupi, mavairasi ali pa ntchito mwakachetechete.

Mankhwala opha mabakiteriya, monga penisilini, sapha vairasi. Chida champhamvu ndi katemera. Katemera amaphunzitsa chitetezo cha m'thupi kuzindikira mdaniyo asanafike, kotero kuti akabwera amapeza thupi lili tcheru. Nthomba inapha anthu osawerengeka kwa zaka mazana ambiri, koma chifukwa cha katemera, m'chaka cha 1980 bungwe la World Health Organization linalengeza kuti nthendayi yatheratu pa dziko lonse lapansi.

Kuno kwathu mwana amalandira katemera woyamba wa chikuku akakwanitsa miyezi 9. Kodi kwanu kuli khanda? Kumbutsani makolo anu tsiku lopita nalo ku sikelo.

Mafunso

1. Kodi Ivanovsky anapeza chiyani atasefa madzi a masamba a fodya?
2. Vairasi afanana bwanji ndi kaufiti?
3. Fotokozani zimene zimachitika vairasi akalowa m'selo.
4. Tchulani matenda atatu oyamba ndi mavairasi.