CUKU CA M'NSHAWA NDI NTHENDA YA CIWINDI

Mabanja ambiri a ku Kafue Estates amadya cimanga ndi nshawa zocokera m'minda yozungulira tauniyo, monga ku Chanyanya ndi ku Shimabala. Cotero mlimi akasamala zokolola zace, asamala moyo wa banja lace ndi wa anthu a m'tauni omwe. Nthenda imodzi imene cakudya cosungidwa moipa cimabweretsa ndiyo khansa ya ciwindi. Kawiri-kawiri imamveka mbiri yakuti muzu wakuti-wakuti uciritsa nthendayi. Kodi nzoona?

ZIMENE AKATSWIRI APEZA M'ZOMERA

Nzoonadi kuti m'zomera muli mankhwala amphamvu. Mu 1958 akatswiri a ku Canada anapeza mankhwala ochedwa vinblastine m'kaduwa ka ku Madagascar, ndipo madotolo amawagwiritsa nchito pa mitundu ina ya khansa.

Thupi la munthu linapangidwa ndi tizigawo tating'ono-ting'ono tochedwa maselo, ndipo khansa imayamba pamene maselo ena aculukana kosalekeza. Pofuna kuyesa mankhwala, akatswiri amaweta maselo a khansa ya ciwindi m'timbale, nathirapo madzi ofinyidwa ku zomera. Nthawi zambiri maselowo amaleka kuculukana, ena amafa. Koma mbale si munthu ai. M'thupi mankhwala amayamba agayidwa, ndipo ofika pa cotupa amakhala ocepa. Munthu akaonjeza muyeso, ciwindi ceni-cenico ndico cimapweteka. Ku South Africa muzu wochedwa impila unapha anthu ambiri mwa kuononga ciwindi cao.

Phindu limene laoneka mwa anthu ndi la kucinjiriza, osati kuciritsa. Mu 2001 kunalengezedwa za kuyesa kumene kunacitika ku Qidong, m'dziko la China, kumene khansa ya ciwindi inali yofala. Anthu 180 anagawidwa pawiri. Ena anamwa mankhwala ochedwa chlorophyllin, opangidwa ndi cobiriwira ca m'masamba, katatu pa tsiku kwa miyezi inai. Mwa iwowa zizindikiro za kupweteka kocokera ku ululu wa cuku zinacepa koposa theka, pakuti mankhwalawo amagwira ululuwo m'matumbo usanalowe m'magazi.

MDANI ALI M'NKHOKWE

Ululu umenewu uchedwa aflatoxin. Unadziwika nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England mu 1960, zitadya cakudya ca nshawa zocokera ku Brazil. Umapangidwa ndi cuku cimene cimamera pa nshawa ndi cimanga, makamaka mbeu zikabvutika ndi cilala kumunda, kapena zikasungidwa zisanaume. Mu 2004 anthu 125 anafa ku Kenya atadya cimanga cotere. Mu August 2024 Boma la Zambia linalengeza kuti agaru okwana ngati 400 anafa ndi ululu womwewu.

Kuphika kapena kukazinga sikuthetsa ululuwu. Munthu akamadya pang'ono-pang'ono kwa zaka zambiri ciwindi cimaonongeka, ndipo ngozi ikula kwambiri kwa iye amene ali ndi kacirombo ka hepatitis B, kapena wokonda mowa.

ZOYENERA KUCITA MLIMI

1. Akumbe nshawa zikangokhwima, osazisiya m'nthaka, ndipo asamale kuti khasu lisaswe makoko.

2. Ayanike zokolola pa mphasa kapena pa thandala, osati pa dothi, kufikira zitaumitsitsa.

3. Asawaze madzi pa nshawa pofuna kufewetsa makoko posenda. Cizolowezi cimeneci ndico cimaitana cuku.

4. Asunge nshawa m'makoko ace, m'nkhokwe yosadontha, matumba osakhudza pansi kapena cipupa.

5. Asankhe ndi kukwirira njere zonse zofota, zoboola ndi zacuku. Kaya zisasinjidwe kukhala nsinjiro kapena cimponde, zisaphikidwe mowa, ndiponso zisapatsidwe kwa ng'ombe, pakuti ululu umaturukira mu mkaka.

6. Afunse mlangizi wa zaulimi za Aflasafe, mankhwala omwaza m'munda amene akatswiri a ku Mount Makulu, ku Chilanga, anathandiza kukonza. Iwo ndi cuku copanda ululu cimene cimalanda malo a cuku coipaco.

Amai asaleke kuphika cibwabwa, bondwe ndi kalembula, cifukwa ndiwo zamasamba zimalimbitsa thupi, ngakhale sizilowa m'malo mwa cipatala. Makanda onse alandire katemera wa hepatitis B pa masabata 6, 10 ndi 14.

Munthu amene maso ace asanduka acikasu, kapena mimba yatupa, kapena amva kupweteka pansi pa nthiti za kumanja, apite msanga ku cipatala ca Kafue, kumene angamtumize ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka. Miyezi yotayidwa pakumwa mizu sibwereranso.